Mapazi a Mkamwana Wanga pa Msewu wa ku Chipata

Wezi, khala bwino, foniyo uigwile ndi manja awili. Lemba monga m'mene ndikukambila, usakonze ayi. Azakhali ako ku Kitwe anditopetsa ndi mafunso, ati amama munayenda bwanji ku Chipata, ati tamva kuti munasenza mapazi a munthu m'basi. Nkhani ikamafika ku Kitwe imakhala itanenepa panjila. Aimve kwa mwiniwake.

Odwala sindine. Yamba ndi zimenezo, chifukwa anthu akaona nkhalamba ikupita ku chipatala amayambilatu kuiyeza bokosi ndi maso. Odwala ndi aNyaZimba, mkamwana wanga, akazi a Kondwani mwana wanga womaliza. Akagona ali bwino. Akakhala ali bwino. Koma angoimilila, mtima umathamanga ngati mbuzi yadula chingwe, m'maso mdima, m'makutu kulila, akachedwa kukhala pansi ndiye khu! A chipatala anati mtimawo ndi wabwinobwino, vuto ndi mitsempha ija imayendetsa thupi yokha iwe osaiuza, ija imati magazi inu, munthu waimilila, kwelani kumutu. Ya aNyaZimba imachedwa kumva. Magazi amatsalila ku miyendo, mtima n'kumavutika wokha.

Anawapatsa timapilisi tofiila. Dzina lake uone pa kabokosi apo, ine lilime lingathyoke. Pulopanololo, eya, komweko. Timapilisito tinagwiladi ntchito, mtima unafatsako. Koma tinawatseka chifuwa. Nthawi ya fodya ino, ndi fumbi la m'chigafa, munthu kumapuma ngati ketulo yawila. Ndiye maloto! Analota ine ndikupalasa njinga pamwamba pa denga la chalichi. Anabwela kudzandiuza atagwada, akupepesa.

Kondwani anati ndiye angoleka kumwa. A kiliniki kuno ku Mphamba anakana kwamtuwagalu. Ati mankhwala awa saleka mwadzidzidzi, mtima umabwezela, umathamanga kuposa kale, munthu angathe kuchita ngozi. Ati ulipo mtundu wina wa mankhwala omwewa umene suvuta chifuwa kwambili, koma wosintha ndi dokotala wa mitima ku Chipata, ndipo ali ndi tsiku lake limodzi pamwezi. Mukaphonya mwaphonya. Tofiila totsala tinali tochepa, tosafika mwezi winawo. Ndiye kunali kufika tsiku lomwelo, dokotala asanavule jasi yake.

Azakhali ako akafunsa kuti bwanji sitinapite dzulo lake, afunse Kondwani amene anagulitsa nshawa zopezela ndalama ya basi dzuwa litalowa kale. Ndipo iye sakanasiya fodya. Ndinamanga chitenje ine.

A kiliniki anandilangiza bwino. Madzi azimwa ambili, mchele usachepe, asaime nthawi yaitali, akagwa muwakweze miyendo. Kapilisi ka masana kasaphonye, ndipo mankhwala a munthu wina ayi. Zonsezo zinali zapafupi. Chovuta chinali chimodzi, ndipo a kiliniki sakuchidziwa. ANyaZimba analeledwa bwino mopitiliza. Kukupatsa madzi, agwada. Kulandila madzi, agwada. Ukayetsemula, agwada. Ndipo munthu wogwada amayenela kuimililanso, pamenepo ndi pamene pali matenda ake. Ine kuwauza kuti lekani, amayankha "enya, amama", atagwada.

Tinafika pa boma la Lundazi kukucha. Kondakitala anatilandila ngati abale ake, ati ambuya kwelani, mipando yatsala iwili yokha, tinyamuka manje manje. Kuyang'ana m'kati, zoona, basi yodzaza, injini ikulila. Tinalipila, mtengo utakwelanso, ati mafuta. Tangokhala, abambo awili kutsogolo kwathu anatsika. Kukwela mayi wina, wina anatsika. Ndinafunsa mayi amene anali mbali inayo kuti anthuwa akuthawa chiyani.

"Ambuya, aba si bapasenja," anatelo. "Bamabalipila kunkala chabe, kuti imwe muone monga basi yazula, kulibe malo."

Ameneyo anali amake Junia, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, wochokela ku Lusaka, milomo yopaka, mabelo awo awili a zovala atatseka njila ya pakati. Ndinati kodi ntchito yongokhala pampando ilipo, ndipo amalipila? Bwanji sanandiuze kale? ANyaZimba ikanawayenela ntchito imeneyo, a chipatala akanasainila okha.

Tinakhala, tinakhala. Dalaivala amati akaliza hutala n'kusuntha basi pang'ono, tonse kukonza zikwama, kenako n'kubwelela pomwe paja. Wogulitsa mazila anakwela n'kutsika, anakwela n'kutsika, mpaka tinayamba kufunsana za kunyumba. Ine maso pa dzuwa. Pamene tinanyamukadi linali litayamba kale kuluma.

Ndinawaika aNyaZimba ku windo, ine kunjila, ngati chitseko cha khola. Timapilisi ndinamanga pa ngodya ya chitenje changa chapamwamba, mfundo ziwili, chifukwa chikwama chimabedwa koma chitenje sichichoka pathupi. Sunga mawu amenewo, Wezi. Pamiyendo ndinali ndi chigubu cha madzi ndi nshawa zokazinga zothila mchele wambili. Ndinkangoti imwani, tafunani, imwani. Iwo kuthokoza, "yewo, amama", n'kumayesa kugwada pakati pa mipando, mawondo kugunda chitsulo.

Tsono madzi akalowa amafuna potulukila. A kiliniki zimenezo sananene. Ndinangoona mawondo a aNyaZimba akuvina okha, nkhope ili ku windo, thukuta pamphuno. Mkamwana angauze apongozi ake kuti ndifuna kuthengo? Angalole kuphulika. Ndinakuwa ine.

"Dalaivala, imani! Nkhalamba yapanikizika!"

Anaima. Ndinati aNyaZimba, ndipelekezeni, ndingagwe. Tinapita kuseli kwa chulu, ine n'kumayang'ana mitengo. Tayenda pang'ono, mawondo ayambanso. Ndinakuwanso. Ulendo winawo kondakitala anati, "Ambuya, kodi munameza mpopi?" Basi yonse kuseka. Ndinati mwana iwe, amako anakubala ndi chivindikilo? Anaseka kuposa poyamba. Manyazi ndinasenza ine, palibe kanthu, nkhalamba ilibe chotaya.

Koma pobwela kuchulu komaliza tinasokoneza. Ndinalowa poyamba ine n'kukhala ku windo, iwo kunjila. Ndipo ndi kugwedeza kwa maenje a msewu uja, tulo tinandiba.

Ndinadzidzimuka titapitilila pa Lumezi. Kuyang'ana pambali panga, jekete. Jekete yakuda, tayi, chipewa pa bondo, ambulela pakati pa miyendo, fungo la sopo. Ndinati Mulungu wanga, mkamwana wasanduka mwamuna.

"Monile, amama," anatelo abambo aja. "Ndine aMvula, mkulu wa mpingo wa ku Kapichila. Ndinagona kwa mwana wanga pa Lumezi. Mwalela bwino, mayi. Mtsikana uyu wandigwadila pakati pa basi, n'kundipatsa mpando. Masiku ano zasowa."

Kutukula maso, aNyaZimba ali chilili, agwila chitsulo cha pamwamba, nkhope yatuwa ngati phulusa, milomo ikumwetulilabe mwaulemu. Ndinati khalani pansi! Anati, "Yayi, amama, adada akhale." Ndinati khalani pa belo! Anayang'ana belo, anayang'ana amake Junia, ndikuganiza amafuna kupempha kaye chilolezo. Basi inagwa m'dzenje. Anapinda pang'onopang'ono ngati kandulo pa dzuwa, n'kugona pa salaula.

Phokoso! Wina ati thilani madzi, wina ati muikeni supuni m'kamwa, wina kumbuyo wayamba kale kulila, osadziwa n'komwe kuti wagwa ndani. Amake Junia akukuwa, "Belo yanga! Mulibe vophwanyika koma ni belo yanga!" Ine ndinadumpha miyendo ya aMvula, sindidziwa ndinadumpha bwanji ndi mawondo angawa. Ndinakhala pansi penipeni pa basi, ndinagwila mapazi onse awili n'kuwasanjika pamapewa panga, limodzi uku limodzi uku. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa miyendo kuti anthu asaone zosaona.

AMvula anatsokomola.

"Mayi, ameneyu ndi mwana wanu wobala?"

"Mkamwana."

"Mkamwana!" Chipewa chinagwa. "Mapazi a mkamwana pamapewa pa apongozi? Ine ndakalamba, ndakhala pa milandu yambili, koma izi! Mayi, dziko likumva?"

Ndinati adada, dziko limve, magazi apite kumutu. Anati mwambo sulola. Ndinati mwambo ubwele udzagwile phazi linali, ine phewa latopa.

Posachedwa aNyaZimba anatsegula maso. Anaona denga la basi. Anaona nkhope za anthu. Kenako anaona zala za mapazi awo zili pafupi ndi makutu anga. Wezi, sindinaonepo munthu akufunitsitsa kukomokanso ngati tsiku limenelo. Anayamba kukoka miyendo, ati "amama, pepani, amama, ndigwade". Ndinakanikiza. Ndinati mukasuntha ndiluma chala. Tinayenda choncho mtunda ndithu, ine ngati ng'ombe ya pa joko, aMvula akuyang'ana pa windo n'kumapukusa mutu.

Tinapitilila mphambano ya ku Chikomeni, kumene amakhotela opita ku Lukusuzi. Tisanafike pa Lukuzye tinangomva phwaa! pansi, basi n'kupendekeka ngati munthu woledzela. Dalaivala anati sipuling'i yathyoka, tsikani nonse. Kondakitala anati ndi zazing'ono, manje manje. Titamva manje manje ija tonse tinadziwa kuti tikhale pansi.

Mtengo wa mthunzi unali umodzi, anthu basi yonse. Ndinawagoneka aNyaZimba pamizu, mapazi pa chigubu. Kutentha kumawaonjezela matendawa, ndiye ndinali kuwakupiza ndi chivindikilo cha poto wa munthu wina. AMvula anakhala patali pang'ono pansi pa ambulela yawo, kutipatsa msana. Dzuwa linafika pamutu. ANyaZimba anandinong'oneza, "Amama, mtima wayamba." Kuika dzanja pachifuwa, ngati muli nkhuku yogwidwa. Nthawi ya kapilisi.

Ndinagwila m'chiuno. Chitenje palibe.

Ndinakwela m'basi, pa belo palibe. Pansi pa mipando palibe. Ndinafunsa aliyense. Amake Junia anatsegula chikwama chawo, anatulutsa kabotolo.

"Ambuya, osavutika. Nili na ya BP apa. Vonse ni vimozi, va mutima. Mupaseni tubili."

Ndinati yewo, mwana wanga, koma a kiliniki anakaniza. Anati, "Nanga ine nafa?" Ndinati inu simunafe chifukwa ndi anu. Gogo wina wa duku loyela anasendela, ati izi si za mapilisi, ndi vimbuza, tiombe m'manja mzimu unene chimene ukufuna. Ndinati mzimu ndaudziwa kale chimene ukufuna, ukufuna chitenje changa cha maluwa achikasu, amene wachiona anene.

Ndipamene ndinachiona. Pansi pa basi panatuluka miyendo iwili ya dalaivala, ndipo pansi pa miyendoyo maluwa achikasu. Kondakitala anachitola pa belo n'kuyalila bwana wake kuti asade malaya.

Ndinagwada ine tsopano, n'kulowetsa mutu.

"Adalaivala, tukulani matako."

"Ambuya, chokani, chitsulo chingakugweleni!"

"Tukulani. Mwagonela mtima wa mkamwana wanga."

Anatukula, akutukwana chapansipansi. Ndinakoka. Chitenje chonse oilo, mfundo yaphwatalala. Kumasula ndi mano, tina tasanduka ufa, koma tiwili tinapulumuka tathunthu. Mwamuna uja ndi wolemela, Mulungu amuone. Ndinawamwetsa kamodzi, ndipo ndinawakhalila pa chitenje chawo kuti asadzuke kulandila ndi mawondo. Patapita kanthawi nkhuku ija inafatsa, ketulo ndiye inayamba, fyii, fyii. Mankhwala amenewa ndi otelo, amakupatsa ndi dzanja ili n'kulanda ndi linali.

Tsono dzuwa linayamba kupendeka. Sipuling'i anaimanga ndi chingwe cha mphila ndi mtengo, kuyesa, phwaa! Kondakitala anakwela njinga ya munthu kukafuna chitsulo, sitinamuonenso. Apa ndisaname, nthabwala zinandithela. Ndinali ndi kapilisi kamodzi m'manja ndi ufa. Dokotala akavula jasi, mwezi wathunthu tidzautani? Ndibwelele kwa Kondwani ndi mkazi wake, mtima ukuthamanga, ndinene kuti tinakhala pansi pa mtengo?

Ndinaima pakati pa msewu. Galimoto yoyamba inandizungulila. Yachiwili inandiliza hutala. Yachitatu inali kanta yodzaza matumba a soya, inaima chifukwa ndinatambasula chitenje cha oilo chija ngati mbendela. Dalaivala wake anamva nkhani, anati chabwino, odwala akwele, koma kutsogolo malo ndi amodzi. Ataona jekete ndi tayi anati, "Abusa, bwelani kutsogolo." AMvula anali atafika kale ndi chikwama chawo, ati nawonso ali ndi msonkhano wa mpingo.

ANyaZimba anayamba. Ati adada akhale kutsogolo, amama akhale pa thumba labwino, ine ndiima kumbuyo ndigwile chitsulo, ndili bwino chomene. Akunena choncho akuzandima.

Ndinawakokela aMvula pambali. Ndinati adada, tisiye za m'basi. Mwana uyu ine sandimvela, chifukwa amandilemekeza kwambili. Ndikati gona, amaona ngati ndikumuyesa. Akaima apa mpaka ku Chipata tikafika ndi mtembo, ndipo mudzalalikila ndinu, chifukwa mpando munalandila ndinu. Inu mawu anu ndi a mpingo. Mulamuleni.

Anandiyang'ana. Anayang'ana aNyaZimba, amene anali atagwila tayala la kanta ndi manja onse, akupuma fyii fyii, akumwetulilabe. Anavula chipewa, anakonza tayi, n'kutulutsa liwu lija la pa Sabata.

"Mwana wanga!"

"Adada." Mawondo ayamba kupinda.

"Usagwade! Ndikukulamula ine, mkulu wa mpingo. Kwela apo ugone chagada. Usandipatse moni, usandithokoze, usandiyang'ane mpaka ku Chipata. Ukadzuka, wanyoza ine."

Wezi, munthu anasokonezeka. Kugwada ndi ulemu, kumvela ndi ulemu, atenge uti? Anaima pakatikati, matako m'mwamba, ngati nkhuku ikufuna kuikila. Kenako anati "enya, adada", anyamata a pa kanta anamukweza, anagona pa soya, phee.

AMvula anati kutsogolo sakhalako, akhala kumbuyo aone ngati lamulo lawo likusungidwa. Asanamalize n'komwe, amake Junia anali atakhala kale kutsogolo, chitseko chotseka, mabelo awo akukwezedwa. Anthu a ku Lusaka sachedwa.

Chokwezela miyendo chinasowa. Chigubu chinali kugubuduka, mapewa anga anali atatha. AMvula anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anakankha chikwama chawo ndi phazi, chija cha mabuku a mpingo. Anati, "Ine sindinaone." Tinasanjika mapazi pamenepo. Ndinawafunditsa aNyaZimba chitenje mpaka kumaso chifukwa cha fumbi, aMvula anatambasula ambulela pamwamba pawo, nkhope atatembenuzila kuthengo. Ndipo kuti asaganize za mapazi ali pa mabuku, anayamba kuimba nyimbo ya m'buku, ija yochedwa. Ine ndinalandila, nanga ndikanatani, ndine wa kwaya.

Pa Mgubudu panali lodibuloko. Magalimoto ali pamzele, apolisi akuona mapepala, ena akutsitsa katundu. Ndinati apa ndiye tagona. Wapolisi wina anabwela kumbuyo kwa kanta, anasuzumila. Anaona munthu wagona chagada wofunditsidwa mpaka kumaso. Anaona nkhalamba maso ofiila ndi fumbi. Anaona abambo a jekete yakuda akuimba nyimbo yochedwa. Anavula kapu yake n'kuigwila pachifuwa.

"Pepani, ambuya. Zachitika liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongosole, aMvula anandiponda chala n'kukweza nyimbo. Wapolisi anakuwa kwa anzake kuti tsegulani, apite awa. Tinadutsa magalimoto onse aja, madalaivala ena akuvula zipewa. Ndipo pansi pa chitenje ndinangomva kaliwu, "Amama, ndiwathokoze abwana?" Ndinati mukayetsemula n'komwe tonse tigona m'selo.

Titapita patali aMvula analeka kuimba. Anati, "Mayi, ine sindinaname. Ndinangoimba." Ndinati adada, ndi vesi lachitatu lomwe munaimba bwino.

Za Chipata sindinaone kanthu, mapili okha ndi njinga zambilimbili. Dalaivala wa kanta anatifikitsa pa geti penipeni pa chipatala chachikulu. AMvula anatenga chikwama chawo, anachipukuta ndi mpango, anati kwa aNyaZimba lamulo likadalipo mpaka ndikhote pakona apo. Anapita osacheuka.

Kumene amaonela a mitima, mabenchi anali opanda anthu. Asisita anali akusonkhanitsa makadi. Anati mwachedwa, amama. Ndinayamba kulongosola za sipuling'i, za soya, iwo akungoyang'ana chitenje changa cha oilo ndi mkamwana wanga woyela ndi fumbi ngati watuluka m'chigayo. Chitseko chinatseguka, kutuluka kamtsikana, chikwama paphewa, makiyi m'manja. Ndinati mwana iwe, adokotala apita? Asisita anandigwila mkono. Ati ndi omwewo.

ANyaZimba atangomva kuti ndi adokotala, pansi gwa! Mawondo awili. "Monile, adokotala." Kenako n'kuimilila msangamsanga. Maso anatembenuka, dzanja likufufuza khoma. Adokotala anaponya makiyi, anawagwila pamkono pomwe pamagunda mtsempha, n'kumayang'ana wochi. Anati, "Sisita, tsegulaninso. Mayeso ayamba okha."

Anawagoneka, kupima. Kuwaimika, kupima. Kumvela chifuwa kutsogolo ndi kumsana, kuwafunsa ngati anadwalapo mphumu ali mwana. Kenako anandiitana ine, ati ambuya ndinu osunga mankhwala, mvetsetsani. Ati tofiila tija timagwila mtima, koma timagwilanso njila za mpweya, n'chifukwa chake ketulo. Tatsopanoti, lemba Wezi, bisopulolo, toyela, timasankha mtima kwambili, chifuwa timangochikhudza pang'ono. Ati komabe tiyamba ndi kochepa, ndipo chifuwa chikatseka, kapena mtima ukachedwetsa, kapena chizungulile chikakula, mubwele msanga osadikila tsiku.

Ndinafunsa kuti nanga kofiila katsala ndi ufawu? Anati kathunthuko amwe madzulo ano monga mwa masiku onse, ndiko komaliza. Mawa m'mawa ayambe koyela, kamodzi patsiku. Osasiya mpata pakati, ndiponso osamwa mitundu iwili pamodzi, mtima ungachedwe mopitiliza. Ndinati ndamva, adokotala, zili ngati alonda a pa sitolo, wausiku sachoka wam'mawa asanafike, koma mpando ndi umodzi. Anati ambuya mukanaphunzila mukanatilanda ntchito. Ufa uja analanda n'kutaya, ndi mfundo yomwe anaikung'untha. Anatiuza kuti tisabwelele kumudzi msanga, tikhale m'tauni masiku angapo, asisita adzapimenso aone ngati koyela kakhazikika.

Tinagona ku Kapata kwa mwana wa mchemwali wanga. Za kumeneko ndi nkhani ina, udzudzu wake ndi wonenepa ngati ziwala. M'mawa koyela kanalowa. Tsiku loyamba aNyaZimba anali ofooka, ine kumangowagwila pamkono ngati ndidziwa kuwelenga. Koma usiku ndinatchela khutu, ketulo sinalile. Usiku winawo, zii. Ndinachita kudzuka kukaona ngati akupuma.

Tsiku lobwelela ku chipatala asisita anawagoneka, anapima, kenako anati tsopano imililani, musagwile kanthu, tione. Ine ndinati ndiima nawo, mkamwana wanga asaime yekha ngati wolakwa pa bwalo. Tinaima awili, phewa ndi phewa. Asisita akupima, akulemba, akuyang'ana wochi. Ati mtima wakwela, koma wakwela mwaulemu, si monga tsiku lija. Ati matendawa sanathe, amama, musaleke madzi ndi mchele, koma apa tayamba bwino. Imanibe.

Tinaima. Ine bondo lamanzele linayamba kulankhula. Lamanja linayankha. Msana unakumbuka maenje onse a msewu wa Lundazi, limodzi limodzi. Kuyang'ana pambali, munthu ali njo, maso owala, akuwelenga zolemba za pakhoma. Ndinalimba, ndinati sindingagonje kwa wodwala. Thukuta. Kenako miyendo inangoganiza yokha, ndinapezeka ndili pansi pa simenti, duku lili uko.

Asisita anaseka mpaka kugwila tebulo. Anati, "Kwatha, aNyaZimba, mayeso atha, khalani pansi."

Iwo anayang'ana benchi, anayang'ana ine pansi paja, n'kubisa pakamwa ndi dzanja.

"Asisita, ndiimeko pang'ono," anatelo. "Kumwamba kuno ndinakusowa."